MBEU YA MPUNGA IGONE M'MADZI USIKU UMODZI

Mwezi wa Novembala ukafika, maso a anthu a m'dziko lino amakhala kumwamba. Mlimi wa mpunga wa ku Kaporo m'boma la Karonga, mnzake wa ku Nkhotakota, ndi wina wa m'chigwa cha Nyanja ya Chilwa, onsewa amalawira m'mamawa kukayang'ana mitambo, pakuti gawo lalikulu la mpunga wa m'Malawi silimera m'masikimu a madzi othirira iai, koma m'madambo ndi m'zigwa m'mene mwini ntchito ndi mvula. Tsono mvula ya masiku ano yasanduka mlendo wosanena tsiku lofika kapena lochoka. Imagwa masiku awiri, mlimi nathamangira kumunda ndi mbeu yake, kenaka kumwamba kumayera kuti mbee kwa masabata awiri kapena atatu. Njere zimene zinayamba kumwa madzi zimakomoka m'nthaka zisanatulutse mutu. Mwini munda akapita kukayendera apeza mpunga wamera apo ndi apo ngati tsitsi la mwana wodwala chipere, ndipo m'malo otsalawo udzu ndiwo wakhazikika.

Awerengi athu amene alandira malipiro pa kutha kwa mwezi angaone ngati ili ndi tsoka laling'ono, nati, si angobzalanso? Koma amene anakulira kumudzi adziwa kuti pofika Disembala mbeu yopakizira imakhala palibe. Ina inadyedwa, ina inagulitsidwa kuti ana apeze makope ndi yunifolomu. Ndipo ngakhale mbeu itapezeka, masiku otayika sabwerera. Mpunga wa Faya umatenga pafupifupi miyezi isanu kuti uche, Kilombero nayenso safulumira. Mlimi akachedwa masabata atatu poyamba, mpunga wake udzafika pa nthawi yobereka mvula ikutsazika. Chotero zimene zimachitika m'masiku asanu kapena asanu ndi awiri oyamba, pansi pa nthaka pamene diso siliona, ndizo zimaweruza mlandu wa chaka chonse.

Za chilala sitifunika kuphunzitsa munthu ali yense. Akuluakulu akali kusimba za njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri chigawo cha kumwera, ndipo makolo athu sanaiwale chaka cha 1992. Mu Epulo 2016 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Pa 23 Malichi 2024 Boma linalengezanso ngozi yotero m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Nyanja ya Chilwa, imene madambo ake amadyetsa mabanja ambirimbiri a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Zaka zotere zidzabweranso. Za ichi palibe wokayika.

Lero tifuna kuika pamaso pa antchito a Boma ndi aphunzitsi njira imodzi yaing'ono, yosalira ndalama, imene tikhulupirira kuti iyenera kufika pa khomo la mlimi ali yense wobzala mpunga wa mvula. Njirayi ndiyo kubviika mbeu m'madzi oyera usiku umodzi, kuitsanula m'mawa, kuiyanika pamthunzi kufikira itauma kunja, ndi kuibzala tsiku lomwelo m'nthaka ya chinyezi. Akatswiri amaitcha seed priming pa Chingerezi. Tidziwa kuti ena aseka pakumva zimenezi, nati, kodi nyuzipepala yasowa nkhani? Agogo athu omwe ankabviika chimanga usiku akafuna kupakiza m'mapando m'mene simunamere. Inde, n'zoona. Koma agogo ankachita zimenezi popakiza pokha, ndipo sanatiuze maora ake. Pa mpunga maora ndiwo mwini nkhani, pakuti madzi omwewo amene amadzutsa njere angathe kuiphetsanso.

Kuti timvane bwino, tiyeni tiyambe taona chimene chimachitika m'kati mwa njere. Njere ya mpunga youma imaoneka ngati yakufa, koma iri m'tulo chabe. M'kati mwa khungu lake muli zinthu ziwiri: kamwana ka mbeu kamene kali kunsonga imodzi, ndi ufa woyera uja umene ife timaphika, umene uli kamba wa kamwanako pa ulendo wake wotuluka m'nthaka. Njere yosungidwa bwino imakhala ndi madzi ochepa, ngati magawo 12 kufikira 14 mwa magawo 100 a kulemera kwake, ndipo ndi madzi ochepa chotero siingachite kanthu.

Ikakumana ndi madzi imayenda ulendo wa zigawo zitatu. Poyamba imamwa mofulumira nifufuma. Kenaka imaleka kumwa kwambiri, nioneka ngati yangokhala, koma nthawi imeneyi ndiyo ya ntchito yaikulu. Njere imakonza ziwalo zake zimene zinaonongeka pouma ndi pokhalitsa m'nkhokwe, imayamba kupuma mwamphamvu, ndipo kamwana kaja kamatumiza uthenga ku kakhungu kopyapyala kozinga ufa kuti kapange mphamvu yosungunula ufawo kukhala shuga. Mai ali yense wodziwa kuphika thobwa aidziwa mphamvu imeneyi, ngakhale sadziwa kuti akatswiri amaitcha amylase: ndiyo iri m'chimera, imene imasungunula phala lolimba ndi kulisandutsa lotsekemera. Kamwana ka mpunga sikangadye ufa, kamadya shuga, ndipo kupanga chimera chake kumatenga nthawi. Chigawo chachitatu ndi pamene kamuzu kaboola khungu ndi kutuluka. Apa njere yaoloka mtsinje wosabwerera. Isanatulutse muzu ingathe kuumanso ndi kudikira osafa. Ikangotulutsa muzu, kuuma ndi imfa.

Nzeru yonse ya kubviika yagona pamenepa: kuilola njere kuti itsirize chigawo choyamba ndi kulowa m'chachiwiri ikali m'ndowa kunyumba, m'mene madzi sasowa, koma kuitulutsa isanafike pa chachitatu. Njere youma ikaponyedwa m'nthaka imayamba ntchito yonseyi kumunda, kupempha madzi pang'onopang'ono ku dothi limene nalonso liri kulandidwa madzi ndi dzuwa. Njere yobviikidwa imafika kumunda itamwa kale, chimera chake chitayambika. Imamera msanga ndi tsiku limodzi, awiri, mwinanso atatu.

Masiku awiri angaoneke ochepa kwa munthu wa mu ofesi, koma taganizirani mpikisano umene uli m'nthaka. Mvula ikaleka, dothi limayamba kuuma kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo m'madambo a dongo limalimba pamwamba ngati phale. Muzu uyenera kutsika kulondola chinyezi mofulumira kuposa m'mene kuumako kuli kutsikira, ndipo mphukira iyenera kuboola pamwamba pasanalimbe. Njere imene yatsogola ndi masiku awiri imapambana mpikisano umenewu pamene inzake yochedwa yagonja. Palinso udzu, umene sudikira munthu. Mpunga ukamera pamodzi ndi mofanana umaphimba nthaka msanga, ndipo ntchito yopalira, imene imathyola misana ya amai ndi ana, imapepukako.

Maganizo awa sali a dzulo. Theophrastus wa ku Greece analemba zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti njere za nkhaka zimamera msanga zikabviikidwa m'madzi kapena mumkaka. Katswiri wa ku Russia, P. A. Henckel, anatha zaka zambiri akuyesa kunyika mbeu ndi kuziumitsanso kuti zilimbe pa chilala, nafotokoza ntchitoyi mu 1964. Mu 1973 Walter Heydecker ndi anzake a pa yunivesite ya Nottingham ku England anaonetsa kuti njere zikaikidwa m'madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa polyethylene glycol zimamwa mwa muyezo, nizikhala m'chigawo chachiwiri chija masiku ambiri osatulutsa muzu. Makampani ogulitsa mbeu za ndiwo zamasamba ku Ulaya ndi ku America anaitola njirayi, ndipo akali kuigwiritsa ntchito. Koma imeneyo ndi njira ya anthu okhala ndi makina ndi zipinda zozizira.

Amene anaitengera nkhaniyi ku munda wa mlimi wosauka ndi Dr David Harris wa pa yunivesite ya ku Bangor m'dziko la Wales. M'zaka za m'ma 1990 iye ndi anzake anagwira ntchito ndi alimi a m'midzi youma ya ku Rajasthan, Gujarat ndi Madhya Pradesh ku India, anthu olima chimanga ndi mpunga wa kumtunda podalira mvula monga ife. Poyamba anafufuza malire, ndiko kuti maora amene njere ingakhale m'madzi popanda kumera kapena kuonongeka ikatulutsidwa. Anapeza kuti malire a mpunga ndi chimanga ndi maora 24, pamene a nyemba ya chickpea ndi maora 10 okha. Kenaka, ndipo apa ndi pamene tifuna alangizi athu atchere khutu, sanalamule alimi kuti asinthe ulimi wao. Anawapempha kuti ali yense agawe munda wake pawiri, mbali ina abzale mbeu yobviika usiku, mbali ina youma, ndipo aweruze okha. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1999, zinali zakuti alimi anaona mbeu ikumera msanga ndi mokwanira, kupakiza kukuchepa, mbeu ikulimba pa ng'amba, ikuchita maluwa ndi kucha msanga, ndipo zokolola zikuonjezeka. Mu 1997 Harris anali atalemba kale za kubviika mpunga wa mvula pamodzi ndi Dr Monty Jones wa ku Sierra Leone, yemwe uja anabereketsa mpunga wa NERICA umene mitundu yake ina inafika ndi kuno kwathu, ndipo alimi a m'maiko angapo a kumadzulo kwa Africa anaiyesa njirayi m'minda yao.

Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Stirling ku Scotland anasonkhanitsa malipoti 44 a kafukufuku wotere, okhudza mbeu za mitundu 17 m'maiko 10. Ataphatikiza zonse anapeza kuti mbeu yobviika inamera msanga ndi magawo 22 mwa 100, njere zomera zinachuluka ndi magawo 11 mwa 100, ndipo zokolola zinaposa za mbeu youma ndi magawo 21 mwa 100. Phindu linaoneka kwambiri m'malo ouma ndi a nthaka yoguga.

Manambala amenewa ndi okoma, koma tipempha kuti asanyamulidwe pamutu kupita nao kumudzi. Magawo 21 aja ndi chiwerengero chapakati cha mbeu 17 zosiyana, tirigu, chimanga, mapira ndi zina, m'maiko osiyana. Sali lonjezo kwa mlimi wa Faya wa ku Nkhotakota. Pa chaka cha mvula yabwino, pamene dothi likhala lonyowa sabata yonse yobzala, kusiyana kwa mbeu yobviika ndi youma kungakhale kochepa, mwina osaoneka konse. Ndiponso tidziwa kuti ofufuza, monga anthu ena onse, amafulumira kulengeza zimene zayenda bwino kuposa zimene zalephera. Mlangizi amene adzaimirira pa msonkhano ndi kunena kuti matumba khumi adzasanduka khumi ndi awiri adzakhala akukumba dzenje logweramo yekha. Chimene anganene mosaopa ndi ichi: njirayi siilira ndalama, ikatsatidwa bwino kawirikawiri siipweteka, ndipo pa chaka choipa imachepetsa ngozi yakuti munda ukhale wa zipere.

Tsopano tifike pa bvuto limene latichititsa kulemba mau awa mwatsatanetsatane chotere. Alimi a m'masikimu monga Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi, Likangala, Muona ndi Bwanje, anazolowera kale kubviika mbeu, koma kubviika kwao ndi kwina. Iwo amanyika thumba la mbeu tsiku lathunthu, nalitulutsa, nalibvundikira tsiku lina kapena awiri pamalo ofunda kufikira timizu toyera titaoneka, ndipo pamenepo ndi pamene amafesa pa nazale ya matope. Njira imeneyo ndi yabwino pamalo pake, chifukwa nazale ya m'sikimu siisowa madzi. Koma munthu akamva mwa theka kuti Boma likuti tibviike mbeu, natenga njira ya nazaleyi kupita nayo ku munda wa mvula, adzakhala ataponya m'dothi njere zimene zaoloka kale mtsinje uja. Dzuwa la masiku atatu lidzazipsereza zonse. Mlimi woteroyo adzataya mbeu, adzatayanso chikhulupiriro mwa alangizi, ndipo adzauza mudzi wonse. Safunsa anadya phula, koma nthawi zina wolakwa amakhala wophunzitsa amene anasiya mau ena m'kamwa.

Chifukwa chake tibwereza malangizo m'mau osazungulira. Mbeu ikhale yabwino, yopetedwa. Ikathiridwa m'ndowa, madzi akhale oyera ndi okwanira kuimiza yonse ngakhale itafufuma, ndipo njere zoyandama zichotsedwe popeza zambiri mwa izo ziribe kanthu m'kati. Kunyika kuchitike madzulo, kutsanula m'mawa. Asapyole maora 24 ngakhale pakhale maliro kapena msonkhano. Ikatsanulidwa isaunjikidwe kapena kumangidwa m'thumba, pakuti mulu umafunda ndipo kufunda kumafulumiza kumera. Iyalidwe mopyapyala pa mphasa pamthunzi kufikira njere zitaleka kumamatirana m'manja. Ibzalidwe tsiku lomwelo, m'nthaka imene yanyowa mokwanira, osati imene yangodonthezedwa pamwamba ndi kamvula kothimitsa pfumbi. Ngati pagwa chopinga ndipo kubzala kwalephereka, mbeuyo iumitsidwe bwino pamthunzi. Ingadikire masiku owerengeka, koma osati masabata.

Mau otsirizawa ali ndi umboni wake. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya zaulimi ya Huazhong mu mzinda wa Wuhan ku China anasunga mbeu ya mpunga yobviikidwa ndi kuumitsidwanso pa kutentha kwa madigiri 25. Anapeza kuti ubwino wake unakhalapo masiku 15 okha. Kupyola pamenepo inayamba kumera moipa kuposa mbeu imene sinabviikidwe konse. Njere yodzutsidwa imakalamba msanga. Tsono m'nyumba za ku Karonga, Salima kapena Nsanje m'mwezi wa Novembala kumatentha kuposa madigiri 25, ndipo dothi la padzuwa limatentha koposa pamenepo. Pa chifukwa chimenechi ife sitingalangize kubviika kwa alimi amene amabzala pouma, kukwirira mbeu m'pfumbi kuti idikire mvula imene siidziwika tsiku lake. Amenewo abzale mbeu yao youma monga kale. Ndiponso munthu ali yense wobwera pa msika ndi mbeu ya m'mapaketi nanena kuti inadzutsidwa kale ku fakitale afunsidwe tsiku limene anaidzutsa.

Chenjezo lina ndi la mbeu yogula imene inapakidwa mankhwala ophera tizilombo, ija yooneka yofiira kapena yobiriwira. Ikanyikidwa, mankhwalawo amasukuluka ndi kulowa m'madzi. Madzi otero asatayidwe pamene nkhuku zimamwa kapena pafupi ndi chitsime, ndipo ndowa yake isabwerere kukhitchini isanatsukidwe bwino. Mlimi wokhala ndi mbeu yotere ayambe wafunsa mlangizi.

Pali njira zinanso zimene akatswiri akhala akuyesa, zothira kanthu m'madzi obviikira. Pa yunivesite ya zaulimi ya Faisalabad ku Pakistan, Shahzad Basra ndi Muhammad Farooq anaonetsa kuti mpunga wonyikidwa m'madzi a mchere wa calcium chloride kapena potassium chloride wochepa umamera mwamphamvu ndi mofanana ukafesedwa mwachindunji m'munda. Akatswiri a komweko anayesanso madzi ofinyidwa ku masamba a cham'mwamba, mtengo umene uli mbwee m'midzi ya m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Ena anathira zinc pang'ono m'madzi kuti mbeu inyamule chakudya chimene chimasowa m'nthaka zina. Zonsezi ndi zopatsa chidwi, ndipo ya cham'mwamba ingatikomere ife koposa popeza mtengowo tiri nao. Koma maganizo athu ndi akuti zimenezi zikhale m'manja mwa akatswiri a ku Lifuwu m'boma la Salima, kumene kuli malo a Boma ofufuzira za mpunga, ndi a ku Bunda, kufikira atapereka muyezo umene mlimi angautsate ndi supuni ndi ndowa ya malita 20. Mchere ukachepa umadzutsa njere, ukachuluka umaiotcha, ndipo pakati pa ziwirizi mpata wake ndi wochepa. Kumudzi kulibe sikelo yoyezera magalamu. Madzi oyera, amene sangalakwitsidwe muyezo, ndiwo ayambe.

Tiyeneranso kunena chimene kubviika sikungachite, kuopa kuti wina angatinamizire. Sikubweretsa mvula. Njere yobviika ikamera bwino kenaka dzuwa nkuwomba mwezi wathunthu, mpunga udzafota monga wina uli wonse. Nthawi imene mpunga umaopa chilala koposa ndi pamene uli kutulutsa ngala ndi kuchita maluwa. Madzi akasowa pamenepo ngala zimatuluka zopanda kanthu, ndipo ndowa ya madzi ya mwezi wa Disembala siingathandize mwezi wa Malichi, kupatula kuti mpunga wofulumira kuyamba umafulumiranso kucha ndi masiku angapo. Mankhwala enieni a chilala ndiwo amene Boma lakhala likulimbikira kuyambira pamene linatsegula masikimu oyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kufikira pa ntchito ya ngalande yaikulu ya m'chigwa cha Shire yochokera ku Kapichira: madzi othirira, migula yosunga madzi m'minda, ndi mitundu ya mpunga yocha msanga. Koma ngalande zimatenga zaka ndi ndalama zambiri, ndipo sizidzafika pa dambo liri lonse. Mlimi wa m'dambo losafikidwa ndi ngalande ali ndi ndowa lero lomwe.

Wina adzafunsa kuti, ngati njirayi iri yabwino chotere, nanga bwanji sinafale yokha? Yankho lake ndi lochititsa manyazi pang'ono. Feteleza ali ndi womugulitsa, mbeu ya m'paketi iri ndi woilengeza pa wailesi, mankhwala opopera ali ndi munthu woyenda nao pa njinga yamoto mudzi ndi mudzi. Madzi a m'ndowa alibe mwini, ndipo palibe amene adzapeza kobiri pa kuwalalikira. Nzeru yopanda wogulitsa imayenda ndi miyendo ya antchito a Boma yokha. Palinso chifukwa china chimene sitiyenera kuchinyoza: kubviika kumamukakamiza mlimi kutsimikiza mtima madzulo kuti mawa adzabzala. Mai amene wasunga mbeu yake m'mtsuko chaka chonse saiponya m'madzi mwachisawawa, ndipo ali ndi chifukwa. Apa ndi pamene ulosi wa nyengo wa masiku angapo, umene nthambi ya Boma yoona za nyengo imaulutsa pa wailesi, uyenera kuyenda pamodzi ndi malangizo a mlangizi. Ndipo popeza amai ndiwo amasunga ndi kusankha mbeu m'mabanja ambiri, msonkhano wa malangizo umene padzakhala abambo okhaokha udzakhala wolankhula ndi anthu olakwika.

Mbiri ya dziko lino iri ndi phunziro kwa ali yense wofuna kusintha ulimi wa anthu. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linakakamiza malamulo a malimidwe ndi chindapusa ndi ndende. Mizere yopingasa ndi migula zinali ndi nzeru yake, koma chifukwa zinabwera ndi chikwapu anthu anazida, ndipo mlangizi anasanduka mdani wa mudzi. Alangizi a Boma lathu ali ndi njira yoposa imeneyo, ndipo ndi yomweyo imene inayenda bwino ku India. Mlimi asauzidwe kuti abviike mbeu yonse. Apemphedwe kubviika ya mizere khumi yokha, kapena ya kachigawo kamodzi, abzale tsiku limodzi ndi inzake youma, ndipo pakapita sabata aitane anansi adzaone. Ngati palibe kusiyana sanataye kanthu. Ngati kulipo, mlangizi sadzafunikanso kulankhula.

Kwa aphunzitsi pempho lathu ndi lapadera, pakuti phunziro la zaulimi liripo kale m'sukulu zathu, ndipo teremu yoyamba imagwa bwino mvula isanayambe. Mphunzitsi atenge njere 400 za mpunga wa m'dera lomwelo, azigawe m'magulu anai a njere 100. Gulu loyamba likhale louma, lachiwiri linyikidwe maora 12, lachitatu maora 24, lachinai maora 48. Ayambe kunyika la maora 48, kenaka la 24, kenaka la 12, kuti onse atsanulidwe nthawi imodzi. Atawayanika pamthunzi abzale magulu onse m'zitini kapena m'mabeseni a dothi lofanana, athirire kamodzi kokha mofanana, ndipo asathirirenso, pakuti chimene tifuna kuona ndi chilala. Ana awerenge njere zomera m'mawa uli wonse ndi kulemba pa bolodi. Njere zina za gulu la maora 48 azisiye pa mphasa masiku awiri kuti ana aone ndi maso ao chimene chimachitikira timizu tikauma. Phunziro limeneli liri ndi masamu, liri ndi sayansi, ndipo madzulo limapita kunyumba m'kamwa mwa mwana, kumene mai ake adzalimva mosaopa kuposa m'mene angamvere bwana wobvala taye.

Kuyesa kotere kuli ndi phindu lina. Maora 24 aja anapezedwa pa mitundu ya mpunga ya ku India. Madzi ofunda amafulumiza njere kuposa ozizira, kotero kuti ndowa ya ku Nsanje m'mwezi wa Novembala siifanana ndi ya kumalo okwera. Ndipo Faya, Kilombero, Pussa ndi NERICA sali mtundu umodzi. Tipempha Unduna wa Zaulimi kuti akatswiri a ku Lifuwu alembe maora oyenera a mtundu uli wonse pa pepala limodzi lalifupi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chinkhonde ndi m'Chiyao, losiyanitsa poyera kubviika kwa munda wa mvula ndi kumeretsa kwa nazale, ndi zithunzi za njere yoyenera ndi ya njere yopyola muyezo. Pepalalo lifike kwa alangizi, kwa mafumu ndi kwa akulu a sukulu m'mwezi wa Okutobala, pamene minda iri kusosedwa ndipo mbeu ikali m'mitsuko.